Sanafike, Phiri la a Ngaka

Ndagi. Ndati ndagi, inu a Nasimango, manja azisenda mtedzawo koma pakamwa pasagone. Eya, gize, mwayankha bwino.

Kanthu kanga ndi aka. Anatsanzika kalekale, katundu anamanga, njira anamusesera, koma mpaka lero chakudya chake chimachokera kwathu. Ndani ameneyo?

Zii. A Mbalule akuyang'ana m'lichero ngati yankho lagweramo. Musavutike, mulibemo. Ine sindiulula, koma ndikuyendetsani kaye, mwina mukalitola panjira. Pangano lathu ndi ili: wina akangolasa, kaya walasa pakati kaya pambali, ine nditseka pakamwa pomwepo.

Kunangokhalatu, kale miyala ikadali ndi makutu. Muli nane? Tiyeni.

Patsinde pa phiri lina, kutali kumene ngakhale ofula uchi safikako, panali mudzi wa mbira. Mwinimbumba wake anali a Gwedeza, mbira yonenepa bwino, yokonda kuwothera dzuwa ndi kudula milandu eni ake asanathe kufotokoza. A Gwedezawa anali ndi mlongo wawo mmodzi yekha, dzina lake Nachanza. Nachanza anakana amuna onse a mtundu wake, n'kukalola a Ngaka, mlendo wochokera kuseri kwa phirilo.

Ngaka mumaidziwa? Ija ya mamba thupi lonse, yoyenda manja ali pamodzi pachifuwa ngati mkamwini wakumana ndi apongozi panjira yopapatiza. Ikachita manyazi imadzipinda n'kukhala ngati nkhata, mutu m'kati. Ndiye a Ngaka anakhala pachikamwini zaka zosawerengeka. Linthumbu likalowa m'mudzi, anthu ankangoti kaitaneni alamu. Iwo n'kubwera, lilime lalitali lija nyambu nyambu, mudzi n'kupuma. Ana anabereka ambiri, onse anatuluka mbira, opanda mamba ngakhale pang'ono. Mukuseka chiyani? Mwana si wa kuchikazi?

M'mawa uliwonse Nachanza ankawakhazika amuna akewo pathanthwe, n'kumawachotsa nkhupakupa pansi pa mamba ndi kamtengo, uku akuimba. Nyimbo yake inali yachipongwe. Inkanena za mwamuna wina amene anakwera phiri lonse manja ali pachifuwa kudzapempha madzi akumwa okha, ndiye madziwo mpaka lero sanathe kumwa. Pothera pake Nachanza ankafunsa kuti kodi chikhocho n'chachikulu bwanji, ana n'kuvomera onse pamodzi kuti mlendoyo asachimalize. A Ngaka akaimva ankadzipinda ndi manyazi. Nachanza n'kumawagogoda pamsana.

"Tsegulani, eni nyumba, sindinathe."

Chaka china Nachanza anadwala masiku anayi, lachisanu anatsikira kuli chete. Maliro anaika, tsiku lometa linafika. Atatha kumeta, a Gwedeza anaimirira pathanthwe lomwe lija.

"Alamu, mwatisungira mlongo wathu bwino, sitikudandaula. Koma chimene munadzera chapita. Takusudzulani. Bwererani kwanu."

A Ngaka manja pachifuwa. "Ndamva, alamu."

Mwana wawo wachisamba, Mwandida, anagwada. "Amalume, bambo akalamba. Kwawoko akawalandira ndani?"

"Mwambo sindinaupange ndine," anatero a Gwedeza, maso ali kumbali. "Ndipo ndalumbira kale pamanda a mayi ako kuti alamu sakhalanso m'dziko la mbira."

Kulumbira pamanda, mukudziwa nokha, ndi malovu ogwa pansi. Sabwerera m'kamwa.

Tsono m'mudzimo munali Sakhwi, kanyama kaja konga mbewa, ka mphuno yaitali yosakhazikika. Ntchito yake inali yoyang'anira njira zonse za m'mudzi, kuzisesa ndi kuzilambula. Ndiyenso anali nkhoswe wa a Ngaka. Paja a Ngaka pobwera kudzakwatira analibe mbale, anachita kubwereka bambo ake a Sakhwi, ndipo bamboyo pomwalira anamusiyira mwana wake zinthu ziwiri, tsache ndi unkhoswe.

Dzuwa litapendeka, Sakhwi anawapeza a Ngaka akumanga katundu. Katundu wake mphasa imodzi ndi kamtengo kochotsera nkhupakupa kaja.

"Akulu, mukupitadi?"

"Nanga nditani? Andisudzula mwaulemu."

"Kwanuko munasiyako ndani?"

"Mayi anga ndi chulu chimodzi."

"Liti limenelo?"

"Bambo ako asanamere ndevu."

Mphuno ya Sakhwi gwedegwede. "Ndiye inu mtima wanu ukuti chiyani, kupita kapena kukhala?"

A Ngaka anayang'ana kumene kunali manda. "Kufuna kwa mkamwini kulemera kwake ndi nthenga. Koma kukanakhala kotheka, ndikanakonda ndizimvako ana aja akamaimba. Olo chapatali."

"Basi, ndamva. Inu ntchito yanu ndi imodzi. Mawu aja amanena mlendo kwa womuperekeza, akuti bwererani apa, mwaperekeza mokwanira, musadzawanene. Olo mundione ndikukwawa ndi mimba."

"Koma si mwano umenewo, kumusiya woperekeza azingoyenda?"

"Mwanowo ndisenza ine. Msana ndili nawo."

Kutacha a Gwedeza anatulutsa kamba wapaulendo wa masiku atatu, chiswe chodzaza zigoba zitatu za nkhono. Mwambo wake unali wotere: munthu wosudzulidwa amaperekezedwa ndi nkhoswe, ndipo kufikira tsiku limene iye mwini adzabweze woperekezayo, amakhala akadali m'manja mwa mbumba. Akafa ndi njala panjira, mlandu ndi wawo.

Sakhwi analandira zigoba zija, n'kuziyika pansi.

"Eni mbumba, ndifunseko. Munthu wakhala nafe zaka zonsezi, achoke osatsanzika? Mawa anthu adzati a Gwedeza anapirikitsa alamu awo ngati wakuba nkhuku."

"Ndani adzatero? Atsanzike."

Anayamba kutsanzika khomo ndi khomo. Koma inu, nyumba za mbira mumazidziwa kuchuluka kwake? Mng'alu uliwonse muli banja. Ndipo munthu wamkulu satsanzika ali chilili. Amuyalire mphasa, amupatse madzi, akambe za malemu, alire pang'ono, adye, aseke, dzuwa lalowa. Tsiku limodzi, nyumba imodzi. Mwezi unatha, wina n'kutha. Atafika nyumba yomaliza, a Gwedeza anaomba m'manja.

"Mwamaliza. Mawa ulendo."

"Tatsala pang'ono," anatero Sakhwi. "Kunyumba yoyamba ija kwabadwa mapasa. Sanatsanzikidwe."

"Makanda adziwa chiyani?"

"Lero sadziwa. Adzakula, adzafunsa kuti agogo aja anatida chifukwa chiyani. Ndidzawalozera kwa inu?"

"Pitani mukatsanzike msanga."

"Akadali m'chikuta, eni mbumba. Tidikire mchombo ugwe."

Mchombo wa mapasa pogwa, kunyumba yachitatu kunali kutabadwa wina. Uyo potuluka m'chikuta, kwachisanu ndi chiwiri kwalira atatu. Mbira kubereka sizinyengerera. A Ngaka anazungulira mudzi kawiri, mpaka anayamba kunenepa ndi kutsanzika.

Tsiku lina a Gwedeza anadzidzimuka pathanthwe pawo.

"Iwe wa mphuno, ukundiyesa mwana? Mawa mudzi wonse pano, makanda kumbuyo, a m'chikuta awatsanzikire pakhomo. Kamodzi, basi."

Anasonkhanadi. A Ngaka anaimirira, manja pachifuwa, n'kunena kuti tsalani bwino, ana anga. Atangotero, mdzukulu wina anayambitsa nyimbo ija ya mlendo ndi chikho cha madzi, enawo n'kuvomera kuti asachimalize. A Ngaka pinduu, nkhata. A Gwedeza anatembenuka n'kuwalozetsa anthu nkhongo.

"Nyimbo imeneyo sindifuna kuimvanso pamudzi pano."

Anawo analeka kuimba. Sakhwi yekha ndiye anaona kuti makutu a mwinimbumba akunjenjemera, ndipo anasunga zimenezo kumphuno kwake.

Muli nanebe? A Mbalule, makoko atayeni uko, mtedza m'lichero. Mwasinthanitsa.

M'mawa mwake a Gwedeza analoza njira.

"Mudzere ya m'munsi, yozungulira phiri. Masiku atatu mwafika."

Sakhwi anacheukira a Ngaka. "Akulu, pobwera kudzakwatira munadzera iti?"

"Ya pamwamba. Ndinali pachangu. Ndinamva kuti a Chinkhoma nawonso ayamba kumadutsadutsa pakhomo pa Nachanza."

"Mwamva, eni mbumba? Mkamwini amabwerera mmene anadzera. Akadzera kwina, mapazi ake akale amatsala m'mudzi, n'kumayendayenda, ana n'kumadwala. Kapena inu lamulo limeneli simulidziwa?"

Lamulolo Sakhwi analiumba pomwepo, likadali lofunda. Koma analinena ndi nkhope ya akuluakulu, moti a Gwedeza anachita manyazi kuoneka ngati ndi iwo okha osalidziwa.

"Ndikulidziwa. Ndimafuna ndione ngati iwe ukulidziwa. Dzerani ya pamwamba."

Ananyamuka, Sakhwi patsogolo ndi tsache, a Ngaka pambuyo ndi mphasa.

Patapita masiku atatu a Gwedeza anaitana mesenjala wawo, Khungubwe, uja wovala kolala yoyera ngakhale kopanda msonkhano.

"Kaone ngati afika."

Khungubwe anakupiza mapiko kawiri kokha, wawapeza. Anali pamalo poti mwana ataponya mwala kuchokera m'mudzi ukhoza kuwapitirira. Sakhwi anali atagwira tsamba limodzi, akuliyang'ana kuwiri konse.

"A nkhoswe, afika?"

"Sanafike."

"Nanga masiku atatu onsewa mumatani?"

"Tikusesa. Munthu wa imvi m'mamba angaponde njira yosasesa, ine mwini njira ndili pomwepa? Bambo anga angadzuke kumanda. Ukanene kuti kamba watha."

Khungubwe anakanena. A Gwedeza anatukwana chamumtima, koma kamba anatumiza, poti mlandu wa njala sankaufuna. Amene anasenza zigoba anali Mwandida ndi ana ake. Anakhala nawo agogo awo mpaka dzuwa kupendeka, n'kuwaimbira nyimbo ija monong'ona kuti isatsike kumudzi.

Masiku atatu ena, Khungubwe uyo.

"Afika?"

"Sanafike. Dzulo tinasesa mapazi khumi, mphepo yabweza masamba onse. Tayambiranso."

Masiku atatu ena.

"Afika?"

"Sanafike. Panjira pagona nyerere, ndipo akuluwa akuti sangazidumphe osazilonjera."

"Kuzilonjera kapena kuzidya?"

"Ulonjere wa a Ngaka ndi womwewo."

Khungubwe anatopa nalo funsolo moti ankangoti akatera, Sakhwi n'kuyankhiratu asanafunsidwe. Kumudzi ana anayamba kumuseka, akamuona akubwera onse amvekere sanafike, sanafike.

A Gwedeza zinawakwana.

"Tsache limodzi ndilo likutichedwetsa? Mawa mbira iliyonse yokhala ndi manja itenge tsache. Musese njira yonse mpaka pansonga pa phiri, pamene pamathera dziko lathu. Muchotse miyala, muzule minga. Ndione chimene anamizire."

Sakhwi atamva anadzigwetsa pansi.

"Mwandilanda ntchito, eni mbumba. Mwandivula pagulu. Ndidzayang'ana bwanji anthu?"

"Lira bwino, ukamaliza utenge tsache."

Anasesa masiku awiri, mudzi wonse. Njira inatuluka yotakasuka, yosalala, yoti mwana akhoza kuyendamo ndi chigoba pamutu osataya chiswe ndi chimodzi chomwe. Sakhwi ankalira mokweza, koma mphuno yake inkavina yokha. Njira yotero akanati ailambule yekha, ikanamutengera zaka khumi.

Tsiku lachitatu a Gwedeza anamanga nsalu m'chiuno.

"Lero ndiperekeza ndekha. Ndikufuna ndimve ndi makutu angawa alamu akutibweza."

Apa mphuno ya Sakhwi inaima. A Ngaka ankatha kumuumira mtima nkhoswe wawo, poti anachita kupangana. Koma alamu awo? Munthu amene zaka zonsezi sanawayankhepo mawu awiri motsatizana?

Anakwera. Khungubwe m'mwamba, a Gwedeza patsogolo, a Ngaka pakati, Sakhwi pambali, Mwandida ndi ana pambuyo atasenza mphasa. A Gwedeza chibadwire anali asanakwerepo chinthu choposa thanthwe lawo lowotherapo dzuwa. Pofika pakati, wefuwefu. Pofika pansonga, mapazi atang'ambika, thupi lonse likunjenjemera ndi mphepo.

Anakhala pansi n'kuloza kuseri.

"Khungubwe, tsika uko. Ukauze abale a alamu kuti munthu wawo wabwera, adzamuchingamire."

Khungubwe anapita, anakhalitsa, anabwera kolala itapindika.

"Bwana, chulu kulibe. Pamalopo pakukhala anjiri. Ndafunsa za mtundu wa a Ngaka, onse akungoyang'anana. Nkhalamba imodzi yokha yati inamvapo kwa agogo ake kuti kunali mayi wina wa mamba, ankakhala pakhomo n'kumayang'ana kuphiri kuno."

A Ngaka anangofinya manja awo pachifuwa.

A Gwedeza anatembenukira kwa a Ngaka. Mawu anatuluka olimba, koma maso anali pansi.

"Kaya. Ndinalumbira. Malire ndi ano, ife taperekeza. Alamu, tibwezeni."

A Ngaka anayang'ana Sakhwi. Sakhwi anapukusa mutu. Anayang'ana adzukulu awo. Kenaka anayang'ana mapazi a alamu awo, magazi ali chuchuchu, mano akugundana ndi kuzizira. Chisoni chinawagwira, ndipo ulemu wa zaka zonse zija unakwera wokha kukhosi.

"Alamu, mwavutika chifukwa cha ine. Musazunzikenso. Ine ndikuti..."

Sakhwi analumphira pamwala n'kuyambitsa nyimbo ya Nachanza.

Kuimba Sakhwi sankatha, ndisakunamizeni. Mawu ake ankatulukira m'mphuno ngati udzudzu uli m'botolo. Koma anaimba za mwamuna uja wokwera phiri manja ali pachifuwa kudzapempha madzi, ndipo atafika pofunsa za kukula kwa chikho, Mwandida ndi ana anavomera ndi mphamvu zonse kuti asachimalize. A Ngaka pinduu. Mutu m'kati, pakamwa m'kati, mawu obweza woperekeza aja m'kati momwemo.

"Lekani," anatero a Gwedeza. "Ndinati nyimbo imeneyo..."

"Munaletsa pamudzi, eni mbumba," anatero Sakhwi. "Pano si pamudzi." N'kuyambiranso.

Kachiwiri a Gwedeza anatseka makutu. Kachitatu manja anagwa okha. Kachinayi, pofika povomera paja, panamveka mawu ena aakulu, osweka pakati, akuvomera nawo kuti mlendoyo asachimalize. Ana anacheuka. Anali a Gwedeza, misozi ili mbwembwembwe mpaka m'ndevu.

Nyimbo itatha, a Gwedeza anakwawa n'kufika pa nkhata ija. Anaigogoda pamsana, malo omwe aja ankagogoda mlongo wawo.

"Tsegulani, eni nyumba."

A Ngaka anasuzumira ndi diso limodzi.

"Alamu, ine sindinakudeni," anatero a Gwedeza. "Koma zaka zonsezi, ndikakuonani mukubwera, ndinkadziwa kuti pambuyo panu pali Nachanza ndi kamtengo kake. Chimwalirire, ndikakuonani maso anga amathamangira kumbuyo kwanu. Ndiye palibe. Tsiku lililonse amamwaliranso. Ndinati mwina mukachoka ndipuma."

A Ngaka anatambasuka pang'onopang'ono.

"Inenso, alamu, mukamaseka ndimatseka maso. Kaseke kanu ndi kake."

Anakhala pamenepo nkhalamba ziwiri, phewa ndi phewa. Kenaka a Gwedeza anapukuta kumaso.

"Ndalakwa, koma ndinalumbira pamanda. Kubwerera nawo kumudzi sindingathe. Kuwatsitsira kwa anjiri sindingathe. Iwe wa mphuno, bodza lako lija lili kuti lero pamene likufunika?"

Sakhwi anakhala tsonga.

"Lero bodza ndilibe, eni mbumba, ndingofunsa. Munalumbira kuti chiyani?"

"Kuti alamu sakhalanso m'dziko la mbira."

"Pano ndi dziko la mbira?"

"Ndi malire. Si pathu, si pa anjiri."

"Kwawo afika?"

"Sanafike."

"Atibweza?"

A Gwedeza anayang'ana a Ngaka. A Ngaka anagwira pakamwa ndi manja onse awiri.

"Sanatibweze."

"Ndiye munthuyu sakukhala paliponse. Ali paulendo, wangopumira. Ife tikuperekeza. Woperekeza akatopa amatsika, mnzake n'kukwera ndi kamba. Mwambo uli pomwepo, lumbiro lili pomwepo, palibe chathyoka."

A Gwedeza anaganiza, anaganiza. Kenaka anacheuka n'kuyang'ana njira yosalala ija, kuchokera pamapazi awo mpaka kumudzi.

"Iwe. Njira tinasesa ija."

"Munalamula ndinu, eni mbumba. Ine ndinalira, anthu onse anaona."

A Gwedeza anaseka mpaka kutsokomola, ndipo ulendo uno a Ngaka sanatseke maso.

Mwandida anayala mphasa kuseri kwa mwala, kosafika mphepo. Nyumba sanamange, poti wapaulendo samanga nyumba, anangosanja miyala itatu kuti mphasa isanyowe. Kuyambira tsiku limenelo, m'mawa uliwonse mbira imodzi inkakwera ndi chigoba cha chiswe. Lero Mwandida, mawa ana ake, mkuja mapasa aja atakula. Linthumbu likalowa m'mudzi, ankalikokolera m'zigoba n'kukwera nalo, a Ngaka n'kumati mwandikumbuka ndi ndiwo. Madzulo ana akaimba kumudzi, nyimbo inkakwera yokha ndi njira ija, poti chiletso chija a Gwedeza anachiiwala dala.

Koma woperekeza wamkulu anali a Gwedeza omwewo. Ankakwera kawiri pamlungu, mpaka mimba ija inaphwa, ana n'kumawatcha achinyamata. Akafika ankatenga kamtengo ka mlongo wawo n'kumachotsa nkhupakupa pansi pa mamba a alamu awo. Dzanja lawo linali lolemera, ankabaya ndi posafunika pomwe. A Ngaka sanadandaulepo.

Nthawi zina ulemu uja unkawabwerera.

"Alamu, mwakalamba, phiri ili ndi lalitali. Bwanji ine ndingonena kuti..."

"Mukangoyerekeza ndiimba," ankatero a Gwedeza. "Ndipo ine ndimaimba moipa kuposa Sakhwi."

Khungubwe naye ntchito yake sinathe. Palibe anamuuza kuti aleke, ndiye masiku atatu alionse ankatera, n'kukonza kolala, n'kufunsa ngati afika. Amene ali pamenepo ankayankha kuti sanafike, iye n'kukanena kumudzi, anthu n'kugwedeza mitu kuti ulendo wake ndi wautalidi.

Zinapita zaka. M'mawa wina a Gwedeza ndi Sakhwi anakwera limodzi, onse ndi ndodo. Anawapeza a Ngaka atadzipinda pamphasa, kamtengo kaja atakafumbatira m'kati. A Gwedeza anagogoda.

"Tsegulani, eni nyumba."

Zii.

Anagogodanso. Anaimba nyimbo yonse, Sakhwi n'kuvomera yekha ndi mphuno yake. Nkhata ija sinatambasuke.

Sakhwi anayika ndodo pansi. "Eni mbumba, ulendo uno ndiye afika. Akumwa madzi kwa Nachanza."

"Ndikudziwa," anatero a Gwedeza.

Nthawi yomweyo Khungubwe anatera, naye nthenga zitayamba kuthothoka. Anakonza kolala.

"Afika?"

Sakhwi anatsegula pakamwa, koma a Gwedeza anamugwira mphuno.

"Unawamva akutibweza, iwe?"

"Sindinawamve."

"Inenso sindinawamve." Anatembenukira kwa mesenjala wawo. "Ukanene kumudzi kuti sanafike. Mawa akwere wina."

Anasanja miyala mozungulira alamu awo, imodzi pamwamba pa inzake ngati mamba. Ndipo mbira sizinaleke kukwera. Mpaka lero, akutero amene anandiuza, mukaona mbira ili pamwala pamwamba penipeni, yangoti duu kuyang'ana kutali, musaiyese yaulesi. Ili pantchito, ikuperekeza. Phirilo anthu a mbali imeneyo analitcha Sanafike, ndipo akuti mlendo akafunsa kuti pansonga pake pali chiyani, amamuyankha kuti pali munthu wapumira.

Nthano yanga yakhala pansi pamenepa. Amene munakwirira mbatata poyamba paja, kaphuleni makala.

Tsono tibwerere ku kanthu kanga kaja. Anatsanzika kalekale, katundu anamanga, njira anamusesera, koma mpaka lero chakudya chake chimachokera kwathu. Ndakutafunirani, chatsala n'kumeza. A Mbalule? Akuti akuganizabe. Ee, a Nasimango, inu mwasiya kusenda kalekale, ndimakuonani. Nenani, mayi.

"Ndi bambo anga. Chimwalirire mayi, chaka chilichonse tikakolola amamanga thumba, akuti ndikupita kwathu, ndakhalitsa pamudzi pa eni. Ine n'kumati dikirani mwana achire, dikirani tifolere nyumba, dikirani mbuzi iswe. Chaka chino zonamizira zandithera. Thumba lili kuseri kwa chitseko, akuti Loweruka."

Mwalasa pambali, mayi. Yankho langa si limenelo, ndipo monga tinapangana, ine ndatseka pakamwa.

Koma tatengani mtedza uwu, wosendasenda, mumange pansonga ya chitenje. Mukawapatse bambo, mukawauze kuti kwa a Mbalule kwabadwa mwana dzana, ndipo mchombo sunagwe.